Dipuloma ya pafupi kapena kudikira digiri? Yankho kwa mayi wa ku Chinamwali

Funso: Ndine mayi wa ku Chinamwali kuno ku Zomba. Mwana wanga wamkazi wakhoza bwino mayeso a MSCE ndipo mtima wake uli pa unamwino. Achibale ena akuti alembere ku koleji ya pafupi akatenge dipuloma, ena akuti adikire mwayi wa digiri. Koma chimene chikundivuta ine n'china. Pamene ndinkadwazika amayi anga kuchipatala, ndinkaona ana asukulu a yunifomu akungoyeza kutentha kwa thupi ndi kuyala mabedi. Kodi zimenezi n'zimene zimapanga namwino? Nanga maphunzirowa amasinthadi kanthu pa moyo wa wodwala?

Yankho: Mayi, ndiyamba ndi nkhawa yanu yachiwiriyo, chifukwa ikatheka, nkhani ya dipuloma ndi digiri ipepuka yokha.

Ana amene munawaona akuyenda bedi ndi bedi sanali kutayitsidwa nthawi. Ntchito imeneyo ndi pamene unamwino umayambira, koma pokhapokha ngati pali wina amene akuima pambali pawo n'kuwafunsa kuti, "Nambala walembayi ikukuuza chiyani za munthuyu, ndipo uchitapo chiyani?" Pakapanda wofunsa ameneyo, ndiye kuti mwaona zoona, mwanayo akungodzaza pepala. Ine monga mphunzitsi wa anamwino ndi azamba, chinthu choyamba chimene ndimayang'ana pa sukulu iliyonse n'chimenechi: ndani amaima pambali pa wophunzira akakhala m'wodi.

Kawirikawiri wodwala safika pa kayakaya mwadzidzidzi. Thupi limayamba lachenjeza, nthawi zina maola angapo zinthu zisanaipe. Kupuma kumafulumira, mtima umagunda mothamanga koma mofooka, BP imatsika, mkodzo umachepa, munthu amene m'mawa amacheza nanu bwinobwino amayamba kuyankha zosagwirizana. Adokotala amadutsa pa raundi n'kupita kwina. Amene amatsala ndi wodwala usana ndi usiku ndi namwino, choncho chenjezolo likadutsa osaonedwa, ladutsa pamaso pa namwino. N'chifukwa chake timalimbikira zinthu zooneka zazing'ono, monga kuwerenga kapumidwe kwa mphindi yathunthu wotchi ili m'manja, osati kungoyang'ana pachifuwa n'kulemba nambala yapamtima. Khanda losakwana miyezi 2 likamapuma ka 60 kapena kuposa pa mphindi, mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akafika pa 50, kapena wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akafika pa 40, namwino wophunzira bwino amayamba kuganiza za chibayo pomwepo. Mayi woyembekezera amene mimba yake yadutsa masabata 20, BP yake ikafika 140/90, n'kumadandaulanso mutu ndi kusaona bwino, sauzidwa kuti akhale kaye pa benchi. Ngakhale kuyala bedi kuli ndi ntchito yake. Poyala m'pamene umatembenuza wodwala amene sangathe kudzitembenuza, n'kuona pamsana, m'chiuno ndi kuzidendene ngati khungu layamba kusintha. Zilonda zobwera chifukwa chogonera mbali imodzi zimayamba mwakachetechete, ndipo zikazika zimatenga miyezi, zina zimatenga moyo.

Tsono mukufunsa ngati maphunziro amasinthadi kanthu. Umboni wake sitiufuna kutali. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, madokotala ndi anamwino a ana, motsogozedwa ndi Pulofesa Elizabeth Molyneux, anasintha kalandiridwe ka ana odwala. M'malo moti aliyense adikire pa mzere monga wafikira, ogwira ntchito anaphunzitsidwa kuyang'ana mwana aliyense akangolowa pakhomo, kuti amene akubanika, amene wakomoka, amene wazizira manja kapena watha madzi m'thupi athandizidwe nthawi yomweyo. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2006: imfa za ana ogonekedwa zinatsika kuchoka pa ana 10 mpaka 18 pa 100 aliwonse kufika pa 6 mpaka 8. Njira imeneyi, yotchedwa ETAT, bungwe la WHO linaifalitsa m'maiko ambiri. Chachikulu chimene chinasintha si mankhwala atsopano ayi, koma maso a anthu ophunzitsidwa ndi dongosolo la ntchito.

Kuno kwathu tili ndi chitsanzo chathuchathu. Chisamaliro cha kangaru, choika mwana wobadwa masiku asanakwane pachifuwa pa mayi ake khungu ndi khungu, chinayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, ndipo m'Malawi muno chinayambira pa Zomba Central Hospital mu 1999. Munthu wongoyang'ana anganene kuti palibe luso pamenepo, n'kumanga mwana ndi chitenje basi. Koma funsani namwino wa ku nazale. Ayenera kudziwa kuika mutu wa khanda kuti njira ya mpweya isapindike, kuphunzitsa mayi kufinya mkaka, kumwetsa ndi kapu kapena kudzera pa kachubu khanda limene silingathe kuyamwa, kuliyeza sikelo tsiku ndi tsiku, ndiponso kuzindikira likasiya kupuma kwa kanthawi. Koposa zonsezi ayenera kulimbitsa mtima mayi wotopa, ndi kukopa agogo kapena bambo kuti alandizane naye kunyamula mwanayo. Zonsezi zimaphunzitsidwa, palibe amabadwa nazo.

Nkhani ya ma ARV nayonso ndi ya anamwino. Dziko lino likanadikira kuti aliyense ayambitsidwe mankhwala ndi dokotala, anthu ambiri akumidzi sakanafikiridwa. Anamwino anaphunzitsidwa kuyambitsa ndi kulondoloza mankhwalawa, ndipo mu 2011 Malawi linakhala dziko loyamba kukhazikitsa ndondomeko ya Option B+, yoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi HIV ayambe kumwa ma ARV kwa moyo wake wonse. Zinatheka chifukwa namwino wa ku sikelo pa chipatala chaching'ono anali ndi luso lochita zimenezo yekha.

Pali malo amodzi amene ndikufuna ndichedwepo, chifukwa mwana wanu akatenga dipuloma kapena digiri ya unamwino ndi uzamba adzafikako ndithu: ku leba. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2004 anapeza kuti amayi 984 pa ana 100,000 obadwa amoyo ankamwalira pa zifukwa za uchembere. Mu 2010 chiwerengerocho chinali 675, ndipo mu 2015-16 chinali 439. Zifukwa za kutsikaku n'zambiri, koma chimodzi n'chakuti amayi ochuluka anayamba kuchirira kuchipatala m'manja mwa azamba ophunzira. Komabe 439 ndi amayi ambiri zedi, ndipo zambiri zimene zimawapha ndi zinthu zimene mzamba angathe kuzigwira msanga. Mayi akataya magazi okwana theka la lita atachira, ngozi yayamba. Mzamba amabaya oxytocin mwana akangobadwa pofuna kupewa zimenezi, amakhudza pamimba kuti amve ngati chiberekero chalimba, ndipo samadalira maso okha poyeza magazi, chifukwa maso amachepetsa. Kafukufuku wa E-MOTIVE, amene anachitika m'zipatala 80 ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania n'kusindikizidwa mu 2023, anasonyeza kuti kuyeza magaziwo ndi pulasitiki yokhala ndi manambala, kenako n'kupereka chithandizo chonse pamodzi m'malo moyesa chimodzichimodzi, kunachepetsa mavuto aakulu a kutaya magazi ndi pafupifupi 60 pa 100. Mayi wa BP yokwera akapatsidwa magnesium sulphate kuti asakomoke, mzamba amayenera kumawerenga kapumidwe kake, kuyeza mkodzo, kugogoda bondo, ndiponso kudziwa pamene pali calcium gluconate, mankhwala othetsa mphamvu yake, chifukwa magnesium sulphate akachuluka m'thupi amaimitsa kupuma. Ndipo khanda likabadwa osalira, pali mphindi imodzi yokha yoti lipukutidwe, litikitidwe pamsana, ndipo likapanda kupuma liyambe kupopedwa mpweya.

Mphindi imodziyo ndiyo imandichititsa kulimbikira za zidole. Sukulu yabwino imakhala ndi chipinda chimene ophunzira amayeserera pa chidole kupopa mpweya, kuika diripi, kubaya jakisoni, kuthandiza mayi pochira, mobwerezabwereza mpaka manja adziwe okha. Zili ngati kupalasa bwato pa Chilwa: amene wangouzidwa pamtunda, mphepo ikadzuka nkhafi imamulemera. Ndipo luso la manja limazilala likapanda kugwiritsidwa ntchito. Namwino amene anaphunzira kutsitsimutsa khanda chaka chatha, osayesereranso, amachita zogwiragwira likamufikira lero. N'chifukwa chake masiku ano timakonda kuyeserera kwa mphindi zochepa koma pafupipafupi, m'wodi momwemo, kusiyana ndi maphunziro a sabata imodzi ku hotela kenako zii. Bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi nalonso limafuna kuti namwino azisonyeza kuti akupitiriza kuphunzira kuti layisensi yake ipitirire kugwira ntchito. Muuzeni mwana wanu kuti sukulu imeneyi ilibe tsiku lotsekera.

Tsopano tibwere pa dipuloma ndi digiri.

Njira ya dipuloma imene ambiri amadutsamo ndi ya Nurse Midwife Technician, ya zaka 3. Kuno ku Zomba muli ndi mwayi chifukwa Malawi College of Health Sciences ili ndi nthambi mumzinda momwe muno, ndipo ku Malosa kuli St Luke's College of Nursing and Midwifery ya mpingo wa Anglican. Makoleji ena a pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, ali ku Nguludi, Phalombe, Mulanje, Malamulo, Nkhoma, Ekwendeni ndi kwina. Digiri imatenga zaka 4 ndipo imatulutsa Registered Nurse. Yodziwika kwambiri ndi ya ku Kamuzu University of Health Sciences, imene inapangidwa mu 2021 pophatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine. Mzuzu University ndi Daeyang University ku Lilongwe nazonso zimaphunzitsa unamwino. Njira zonse ziwiri zimathera pa mayeso a Nurses and Midwives Council, ndipo popanda kukhoza amenewo munthu saloledwa kugwira ntchito pa wodwala, ngakhale atavala gauni n'kujambulitsa zithunzi.

Digiri ili ndi phindu lenileni, sindingakunamizeni. Wophunzira amazama kwambiri pa mmene thupi limagwirira ntchito, mmene mankhwala amayendera m'thupi, kuwerenga kafukufuku ndi kutsogolera wodi. Kafukufuku wamkulu amene Linda Aiken ndi anzake anasindikiza mu 2014, wochokera m'zipatala za m'maiko 9 a ku Ulaya, anapeza kuti anamwino a digiri akachuluka ndi 10 pa 100 aliwonse, mpata woti wodwala wochitidwa opaleshoni amwalire unkatsika ndi 7 pa 100. Koma kafukufuku yemweyo anapezanso kuti namwino akawonjezeredwa wodwala mmodzi yekha, mpatawo unkakwera ndi 7 pa 100. Ziwerengerozi ndi za ku Ulaya, sitingazinyamule momwemo n'kuziika pa wodi ya kuno kumene namwino mmodzi pa naiti amatha kuyang'anira anthu makumimakumi. Komabe zikutiuza zinthu ziwiri pamodzi: kuzama kwa maphunziro n'kofunika, kuchuluka kwa manja n'kofunikanso. Ndipo manja ambiri amene akunyamula zipatala za kumidzi, kaya ku Chingale, ku Mayaka kapena ku Likangala, ndi a anamwino a dipuloma.

Maganizo anga ndi awa. Ngati mapointi a mwana wanu ndi maphunziro a sayansi akumulola kupikisana pa digiri, alembere, ndipo afunsirenso ngongole ya maphunziro ku Higher Education Students' Loans and Grants Board. Koma asakhale pakhomo chaka ndi chaka kudikira dzina lake pamene malo a dipuloma alipo. Alembere zonse ziwiri. Akayamba ndi dipuloma khomo silinatsekeke, chifukwa akagwira ntchito zaka zingapo angathe kubwerera kusukulu kukakweza maphunziro mpaka digiri. M'kalasi, anthu obwerera oterewa amakhala ndi mafunso akuthwa, popeza buku likamanena za mayi wotaya magazi iwo amakhala akuona nkhope ya munthu amene anamugwirapo. Chovuta chake n'chakuti njirayi ndi yaitali, ndipo pofika nthawi yobwerera ena amakhala ali pabanja, ana ali kusukulu, ndalama zili ndi kolowera kwina. Zimenezi muzikambirane m'banja poyera.

Koleji iliyonse imene angasankhe, pitani naye mukafunse. Paja safunsa anadya phula. Choyamba tsimikizani kuti ndi yovomerezedwa ndi Nurses and Midwives Council, ndipo mufunse ku bungwelo, osangokhulupirira chikwangwani cha pageti kapena uthenga wa pa Facebook. Munthu aliyense wokuuzani kuti mumutumizire ndalama pa foni kuti akupezereni malo, muthaweni. Kenako funsani kuti ophunzira awo amakhoza bwanji mayeso a bungweli. Koma funso limene ine ndimaliika patsogolo ndi lija ndayamba nalo: ana akapita m'wodi, mphunzitsi amawatsatira kangati? Amaikidwa angati pa wodi imodzi? Vuto lofala m'zipatala zikuluzikulu n'lakuti makoleji angapo amatumiza ophunzira nthawi imodzi, mpaka ana khumi kuzungulira mayi mmodzi amene akuchira, aliyense akufuna kuti asainiridwe m'buku lake. Pamenepo mayi wachotsedwa ulemu, ndipo mwana sanaphunzire. Vuto lina ndi lotembenuza: wophunzira kusiyidwa yekha usiku ngati wogwira ntchito, popanda womuwongolera, n'kuzolowera njira zachidule zimene adzayende nazo moyo wake wonse. Aphunzitsi a koleji angakuyankheni bwino, koma mukapeza mwana wa chaka chachitatu n'kucheza naye pambali, mudzamva zambiri.

Zomba ili ndi china chimene maboma ena alibe. Zomba Mental Hospital ndiye chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo m'dziko muno, ndipo ophunzira ochokera m'makoleji osiyanasiyana amabwera kudzaphunzirako. Ambiri amapitako ndi mantha, koma n'kumene amaphunzira kumvetsera munthu modekha, kulankhula ndi amene wakwiya popanda kukweza mawu, ndi kufunsa molunjika ngati wina akuganiza zodzipha. Luso limeneli limawathandiza kulikonse, ngakhale ku sikelo kumene mayi amene wangochira kumene angakhale akuvutika maganizo osauza munthu. Chimodzimodzinso kolera, amene si mlendo m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Mliri wa 2022 mpaka 2023, umene unayambira ku Machinga, unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Wodwala kolera amapulumuka ndi madzi: Thanzi ORS ngati akutha kumwa, diripi ya Ringer's lactate yothamanga ngati wafooka. Kupeza mtsempha pa munthu amene watha madzi m'thupi, usiku, ndi tochi, ndi luso limene limabwera pokhapokha utaika madiripi ambiri wina akukuyang'anira.

Inu mwadwazikapo, ndiye mukudziwa dandaulo limene anthu ali nalo pa ife, loti anamwino ena ndi amwano. Sindikana. Kutopa ndi kuchepa kwa anthu zilipo, koma si chilolezo chokalipira mayi amene ali pa ululu. Ndipo nkhaniyi si ya ulemu wokha, imakhudza moyo. M'zipatala zathu gadiyani ndi amene amadyetsa, kusambitsa ndi kugona pansi pambali pa wodwala. Iye ndiye amayamba kuona kuti "amayi asintha kapumidwe." Ngati anakalipiridwa masana, usiku adzaopa kugogoda pa chitseko cha anamwino, ndipo chenjezo lija lidzafika mochedwa. Mayi amene ananyozedwa pochira mwana woyamba, wachiwiri amakachirira kunyumba. N'chifukwa chake pa mayeso a m'wodi timapereka malikisi pa kupereka moni, kudzitchula dzina, kupempha chilolezo usanagwire munthu, kutchinga ndi nsalu, kusunga chinsinsi ndi kusamba m'manja usanamukhudze komanso utamukhudza. Apa makolo muli ndi gawo lalikulu kuposa ife. Mwana amene kunyumba anaphunzira kunena kuti "sindikudziwa, ndithandizeni" timamuphunzitsa mosavuta. Amene amandidetsa nkhawa ndi wobisa, amene angalembe BP imene sanayeze poopa kukalipiridwa, chifukwa nambala yabodza m'fayilo imasocheretsa aliyense wobwera pambuyo pake.

Za ntchito ndinene mwachidule. Zipatala zikusowa anamwino, koma kulembedwa ntchito m'boma kumadalira ndalama, ndipo omaliza maphunziro ambiri akhala akudikira nthawi yaitali asanaitanidwe. Boma linayesapo kuthana ndi kusowaku ndi ndondomeko yapadera imene inayamba mu 2004, yomwe inachulukitsa ophunzira m'makoleji ndi kuwonjezera malipiro a ogwira ntchito zaumoyo ndi 52 pa 100, koma kusiyana pakati pa ophunzitsidwa ndi olembedwa ntchito kukadalipo. Zipatala za CHAM, zipatala zoima pazokha ndi mabungwe nawonso amalemba, ndipo wokonzeka kukagwira kumudzi amapeza msanga kuposa wokakamira m'tauni. Pamene akudikira, asalole manja kuzizira.

Pakali pano, mafomu asanatuluke, mwana wanu aonetsetse kuti ali ndi makirediti a Chingerezi, masamu, bayoloje ndi maphunziro ena a sayansi, chifukwa ndi amene makoleji amayang'ana, ndipo ngati lina laperewera ndi bwino kulembanso phunziro limenelo kusiyana n'kutaya chaka. Zofunika zenizeni za chaka chimenecho aziwerenge pa chilengezo cha kolejiyo. Mumupezerenso namwino wa kumpingo kapena wa m'dera lanu woti acheze naye momasuka za naiti, za magazi, za fungo la m'wodi ndi za tsiku loyamba kuona munthu akumwalira, kuti azisankha akudziwa chimene akulowa.